Chodyera ndi chomwera cha nkhuku: m'khola, panja, kapena pa kadenga?

Nkhuku siidya mumdima, ndipo siimwa. Dzuwa likangolowa imakwera pamtengo wake wogonapo n'kukhala phee mpaka kuche, chifukwa maso ake saona bwino usiku. Ndiye chakudya chimene chagona m'khola usiku wonse sichikhala chikudikira nkhuku ayi, chimakhala ndi alendo ake ena. Koma kunja kukangoyamba kuyera, nkhuku yomweyo imatsika ili ndi njala ndi ludzu losasimbika. Chithokomiro chaphwa, ndipo ngati ndi thadzi loikira, thupi lake lachezera ntchito: dzira limatenga maola 24 mpaka 26 kuti lipangike, maola pafupifupi 20 mwa amenewa amathera pa chigoba chokha, ndipo mbali yaikulu ya ntchitoyo imachitika usiku.

Anthu akamatsutsana za malo oika chodyera ndi chomwera, amalankhula ngati nkhani yonse ndi ya mkati kapena kunja. Ine ndimaona kuti yankho lagona pa mafunso ena. Chitseko cha khola mumatsekula nthawi yanji? Inu mukagona, ndani amafika pachodyerapo? Ndipo nkhuku yonyozeka kwambiri pagulu lanu, ija imene zinzake zimaijompha, imadya nthawi yanji?

Tiyambe tadziwa kuchuluka kwa zimene tikukambazi. Thadzi loikira limadya magalamu 110 mpaka 120 patsiku. Madzi limamwa pafupifupi kuwirikiza kawiri kulemera kwa chakudyacho, kunena kuti kotala la lita kapena kucheperako pang'ono, ndipo kukatentha kwambiri limatha kufika theka la lita. Dzira lenilenilo, magawo atatu mwa anayi ndi madzi. Njala nkhuku imaipirira ndithu, koma ikasowa madzi kwa maola angapo dzuwa likuswa mtengo, mazira amachepa masiku otsatira, mwini wake n'kuyamba kuimba mlandu chakudya chimene anagula. Choncho posankha malo, muyambe mwaganiza za chomwera. Chodyera chibwere pambuyo.

Zonse m'khola

Ambiri amayambira apa, ndipo sikuti n'kupusa. Chakudya sichinyowa ndi mvula, mbalame zakutchire sizichiona, ndipo nkhuku zikadzuka zimapeza zonse zili pomwepo ngakhale mwini wake adakali m'tulo. Kwa munthu amene amatsekula khola dzuwa litakwera kale, kapena amene amachokapochokapo n'kusiyira wina kuti atsekule akapeza mpata, mfundo imeneyi yokha imalemera kuposa zonse zotsutsa zimene ndinene m'munsimu. Nkhuku za nyama zimene sizituluka n'komwe, ndiye palibenso chosankha.

Vuto la njira imeneyi ndi madzi. Chomwera chilichonse chotseguka chimatayikira. Nkhuku siitha kukoka madzi monga ichitira nkhunda. Imatunga ndi mlomo n'kukweza mutu kuti madziwo atsikire kukhosi, ndipo nthawi iliyonse timadontho timagwa. Onjezanipo kukankhana, kupalasa, ndi ija yamwano imene imakwera pamwamba pa chomwera n'kuchigubuduza. Utuchi wozungulira umanyowa, umasakanikirana ndi zitosi, n'kuyamba kutulutsa amoniya, fungo lija limene limalasa m'maso mukatsekula chitseko m'mawa. Malire amene akatswiri a ziweto amatchula kawirikawiri ndi magawo 25 pa miliyoni imodzi ya mpweya. Kupitirira pamenepo njira yopumira ya nkhuku imayamba kuwonongeka, matenda a chifuwa n'kulowa mosavuta. Ndipo musaiwale kuti mphuno yanu ili kutali ndi pansi, pamene ya nkhuku ili pafupi ndi utuchiwo tsiku lonse. Mukamva fungo muli chilili, dziwani kuti iyo inayamba kulimva kale.

Utuchi wonyowa ndi wofunda ndi kumenenso kumakhwimira tizilombo ta Eimeria, timene timayambitsa kokisidiyosisi, matenda aja a zitosi zamagazi amene amapulula anapiye ndi misoti. Timazira ta tizilomboti tikatuluka ndi chitosi sititha kudwalitsa nkhuku ina nthawi yomweyo. Timafuna chinyezi ndi kufunda kwa tsiku limodzi kapena awiri kuti tikhwime. Pozungulira chomwera chotayikira pali zonse ziwirizo, komanso ndi pamalo pamene nkhuku iliyonse imaima kangapo patsiku, n'kumatolatola pansi. Zilonda za kumapazi nazo zimayambira pa utuchi womwewo. Kumaiko kumene kumazizira mpaka madzi kuundana, anthu amalowetsa chomwera m'khola kuti madzi asaume gwa, koma chinyezi cha m'khola lotsekeka chimachititsa kuti chisanu chiwononge zala ndi khungu lofiira la kumutu kwa nkhuku, motero nakonso nkhaniyi siyophweka.

Chakudya chogona m'khola chimaitana makoswe. Khoswe wamkulu amadya magalamu pafupifupi 25 patsiku, sabwera yekha, ndipo chimene sanadye amachikodzera ndi kuchinyerera, n'kusiyamo tizilombo monga salmonella. Mbewa imalowa pa kabowo ka mamilimita 6, khoswe wamng'ono pa ka mamilimita 12 kapena 13, ndiye khola limene inu mukuti n'lotsekeka bwino, iwo amalowamo osawerama n'komwe. Akazolowera amayamba mazira, kenako anapiye, ndipo njoka zimatsata fungo lawo. Paja amati khoswe akakhala pamkhate sapheka: mankhwala ophera makoswe simungawamwaze pamene nkhuku zimatola, ndipo khoswe wofa ndi poizoni akagwera m'khola, nkhuku zimamujompha. Kuletsa makoswe kuti asazolowere n'kosavuta kusiyana ndi kuwachotsa atakhazikika.

Ngati zonsezi mwazimva koma moyo wanu ukufunabe kuti zinthu zikhale mkati, pali malo atatu oletsedwa. Pansi pa mitengo yogonapo ayi, chifukwa gawo lalikulu la zitosi za nkhuku limagwa usiku, pomwepo. Pafupi ndi zisa ayi, chifukwa thadzi loikira limafuna bata, ndipo piringupiringu wa pachodyera amadetsa mazira ndi kuwaswa; dzira likasweka kamodzi n'kulawidwa, mwayambitsa khalidwe lovuta kulithetsa. Pakhomo penipeni ayinso, chifukwa nkhuku imodzi yaukali ikaima pamenepo yatseka njira ndi chakudya nthawi imodzi. Chomwera chikhale pa kathandala ka waya, pansi pake pali thireyi yolandira madontho, kuti utuchi usakhudzane ndi madzi. Ndipo khola likhale ndi malo okwanira. M'kakhola kongogonamo, chodyera ndi chomwera zimalanda malo a nkhuku ziwiri kapena zitatu.

Zonse panja poyera

Apa khola limakhala louma, laukhondo, lopanda chokopa makoswe. Madzi akatayika amalowa m'nthaka. Kutsuka ndi kudzaza n'kosavuta, simuwerama kulowa m'kakhomo kakang'ono mutanyamula ndowa. Koma mwa njira zonse, iyi ndi imene ndingaletse munthu popanda kuzengereza, ngati poyera pake tikutanthauza popanda denga lililonse.

Chakudya chogaya chikanyowa chimaumbika, chimasasa, n'kuchita chuku m'masiku ochepa, makamaka m'makona a chodyera mmene dzanja silifika. Chuku si chinthu chochinyozera. Mu 1960 ku England nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ndi matenda amene poyamba sankadziwika, mpaka anangowatcha Turkey X. Pofufuza zinapezeka kuti gwero linali mtedza wogaya wochokera ku Brazil umene unali m'chakudya chawo, wokhala ndi chuku cha Aspergillus flavus, ndipo ndi pamenepo pamene poizoni wa aflatoxin anadziwikira. Chuku chimenecho chinabwera ndi chakudya kuchokera kutali, koma chinyezi ndi kufunda zimene chimafuna kuti chimere n'zomwezo zimene zimapezeka m'chodyera chovumbwidwa ndi mvula n'kuwombedwa ndi dzuwa. Poizoni wotere amawononga chiwindi, amachepetsa mazira, amafooketsa chitetezo cha thupi, ndipo nthawi zambiri amachita zimenezi mwakachetechete, nkhuku osagwa n'kufa kuti muzindikire.

Dzuwa nalo limalimbana ndi madzi. Thupi la nkhuku limatentha madigiri pafupifupi 41, ilibe thukuta, ndipo imadziziziritsa popuma wefuwefu kukamwa kuli yasa, mapiko itatambasula. Kupuma koteroko kumachotsa madzi ambiri m'thupi, ndiye nthawi imene ikufunitsitsa kumwa ndi nthawi yomweyo imene chomwera cha padzuwa chafunda. Madzi ofunda nkhuku imangowalawa n'kuchokapo. Komanso zikabisala pamthunzi masana, sizifuna kudutsa pa nthaka yotentha kupita kumene kuli madzi. Zimalolera kukhala ndi ludzu. Chomwera cha pulasitiki wowala chimamera ndere msanga padzuwa, ndipo chachitsulo kapena chakuda chimatenthetsa madzi.

Wina anena kuti ndiye tiike pansi pa mtengo. Mthunzi wa mtengo ndi wozizira kuposa wa lata, zoona, koma pamtengo ndi pamene mbalame zakutchire zimatera, ndipo zitosi zawo zimagwera m'madzi momwemo. Chimfine cha mbalame, kuphatikizapo mtundu wa H5N1 umene wafalikira m'makontinenti ambiri kuyambira 2021, chimayenda kwambiri ndi zitosi za mbalame zakutchire, makamaka za m'madzi. N'chifukwa chake m'maiko monga United Kingdom, mliri ukabuka, limodzi mwa malamulo amene oweta amapatsidwa ndi lakuti chakudya ndi madzi zikhale pamalo ofoleredwa, pamene mbalame zakutchire sizingafikepo. Chitopa nacho chimatha kubwera ndi nkhunda ndi mbalame zina. Ngakhale popanda matenda, mpheta zikazolowera chodyera chanu zimabwera gulu lonse tsiku ndi tsiku, inu n'kumadabwa kuti nkhuku khumi zikumaliza bwanji chakudya cha nkhuku khumi ndi zisanu.

Palinso china chimene ambiri sachiganizira. Makolo a nkhuku ndi mbalame za m'nkhalango za kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, zimene zimatola chakudya pansi pa zitsamba. Mpaka lero nkhuku siimva bwino ikakhala pambalambanda. Chodyera cha pakati pa bwalo chimasonkhanitsa gulu lonse pamalo amodzi, mitu ili pansi, nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse, ndipo kabawi amaphunzira msanga.

Panja koma pa denga

Iyi ndiyo njira imene ndingasankhe pa gulu laling'ono la pakhomo: bwalo lotchingidwa ndi waya, mbali imodzi yofoleredwa, chodyera ndi chomwera zili pansi pa dengalo, ndipo khola likhale logonamo ndi kuikiramo basi. Madzi otayika sanyowetsa pogona. Mvula siifika pachakudya. Zitosi za mbalame zakutchire zimathera padenga, ndipo ngati wayayo ndi wa timabowo ting'onoting'ono, mpheta sizilowa. Kadengako sikafuna zambiri. Malata awiri kapena lona womangidwa bwino akwana, bola atuluke mokwanira mbali imene mvula imachokera ndi mphepo. Mvula kawirikawiri imabwera chopendekera, ndiye chodyera chimene chili m'mphepete mwa denga chimanyowa ngati chili poyera. Chilowetseni mkati.

Musanakhomere chilichonse, tayang'anani mthunzi kwa tsiku lathunthu. Pamene pali mthunzi m'mawa mukamadzaza madzi, masana pakhoza kukhala pa ng'anjo. Nthawi yoyeza ndi kuyambira dzuwa lili pamutu mpaka litapendeka, chifukwa ndi pamene kumatentha kwambiri. Ndipo nyengo ikasintha, mthunzi nawo umasuntha. Pansi pakhale pokwererapo pang'ono, posadikha madzi. Chomwera chikakhala pa dothi lomwelo miyezi ingapo, pamasanduka thope lonunkha, ndiye muzichisuntha kapena muyale miyala ing'onoing'ono pansi pake.

Njirayi ili ndi ngongole ziwiri, ndipo mukapanda kuzibweza, ubwino wake wonse watha.

Yoyamba ndi chitseko. Nkhuku zotsekeredwa m'khola lopanda madzi mpaka dzuwa litakwera zataya maola abwino kwambiri a tsiku, ozizira, amene zikanadya ndi kumwa mokwanira. Zimayamba kujomphana ndi kuzulana nthenga. Ngati simungathe kudzuka m'bandakucha tsiku lililonse, muli ndi zosankha zitatu: kulimbitsa bwalo mpaka likhale lotetezeka ngati khola lenileni, waya pamwamba ndi m'mbali, wina wokwiriridwa m'nthaka, kuti kakhomo ka pakati kazigona kotsekula, kugula chitseko chodzitsekula chokha chimene chimayendera kuwala kapena wotchi, kapena kupachika m'khola kandowa kakang'ono ka manipo, timipopi tachitsulo tija timene timadontha madzi nkhuku ikatijompha. Kandowa kotere sikatayikira kwenikweni, ndipo kamathetsa vuto la ludzu la m'mawa popanda kunyowetsa utuchi. Mwa zitatuzi, chachitatu ndicho chosavuta.

Yachiwiri ndi usiku. Chakudya chogona panja chimaitana makoswe chimodzimodzi, kungoti tsopano ali panja pa khola osati mkati. Njira yachidule ndiyo kunyamula chodyera madzulo aliwonse n'kuchitsekera m'mgolo wachitsulo wa chivundikiro chothina; pulasitiki makoswe amaboola. Ndi ntchito ya mphindi imodzi, koma ndi ya tsiku lililonse, ndipo mawa lake muyenera kuchibwezera nkhuku zisanatuluke. Amene sakufuna goli limeneli amagula kapena kupanga chodyera chopondera, bokosi lokhala ndi chivundikiro chimene chimatseguka nkhuku ikaponda pa thabwa la kutsogolo. Khoswe ndi mpheta sizilemera mokwanira kuti zitsekule. Chimagwira ntchito ndithu, koma nkhuku zimafuna masabata angapo kuti zisiye kuopa kugogoda kwa chivundikirocho, timitundu tating'ono kwambiri timalephera kuchitsekula, ndipo pamene pali anapiye n'choopsa chifukwa kamwanapiye kakhoza kupanikizika mayi wake akachoka pathabwa. Kaya musankha iti, chakudya chogwera pansi chisesedwe. Makoswe ambiri amakhuta ndi zotayika, chodyera chili chotseka.

Kugawa: chakudya mkati, madzi kunja

Njira ya pakatikati imeneyi ndi yabwino kwa amene alibe denga panja. Chakudya chimakhala pouma, madzi amatayikira kunja. Chofooka chake ndi mtunda. Nkhuku ikamadya chakudya chouma imasinthasintha, kutola pang'ono, kukamwa, kubwereranso. Madzi akatalikira, imadya pang'ono kapena kumwa pang'ono. Alimi a nkhuku zambiri amayesetsa kuti nkhuku isayende mamita oposa atatu pofuna madzi, ndipo muyezo umenewo ndi wothandiza ngakhale pakhomo. Kuyandikitsa kwambiri nakonso n'kolakwika: zikagundana, chakudya chomatirira kumlomo chimagwera m'madzi n'kuwasasitsa, ndipo madontho amanyowetsa chakudya. Mita imodzi kapena ziwiri pakati pake ndi zokwanira. Kumbukiraninso kuti kugawa kotere sikuthetsa ludzu la m'mawa ngati chitseko chimachedwa, ndipo makoswe akadali ndi chifukwa cholowera m'khola.

Kungomwaza chakudya pansi ndi nkhani ina. Kachikhatho ka mbewu zosagaya komwazidwa pouma masana kamapatsa nkhuku ntchito yopalasa, ndipo n'kabwino. Koma chakudya chenicheni cha tsiku ndi tsiku chikamwazidwa pansi, tizidutswa tating'ono tokhala ndi mavitamini ndi mchere timasowa m'fumbi, ndipo nkhuku zimatola pamodzi ndi mazira a njoka za m'mimba.

Nkhuku yakumapeto

Njira zonsezi zikhoza kulephera pa chifukwa chimodzi, chakuti mwaika chodyera chimodzi ndi chomwera chimodzi. M'zaka za m'ma 1920 katswiri wa zinyama wa ku Norway, Thorleif Schjelderup-Ebbe, analemba mwatsatanetsatane za ulamuliro wa pakati pa nkhuku: ilipo imene imajompha zonse koma siijomphedwa, ina imajomphedwa ndi imodzi yokha, mpaka kukafika kwa yakumapeto imene imajomphedwa ndi aliyense. Pachodyera ndi pamene ulamuliro umenewu umaonekera poyera. Thadzi lalikulu silichita kumenya nthawi zonse. Limangoima pafupi, kuyang'ana, ndipo yakumapetoyo siifika.

Mankhwala ake si chodyera chachikulu, koma chachiwiri, choikidwa pamene nkhuku imene yaima pa choyambacho siingachione. Kuseri kwa khola, kuseri kwa thabwa loimikidwa, kaya kuseri kwa chitsamba, bola pakati pakhale chotchinga maso. Nkhuku yaukali siingalondere malo awiri amene siikuwaona nthawi imodzi. Zodyera ziwiri zoyandikana zimene zikuonekera pamodzi, kwa iyo ndi chimodzi. Chimodzimodzi zomwera, ndipo chachiwiri chimakupulumutsaninso tsiku limene choyamba chagubuduzika inu kulibe. Pa gulu loposa nkhuku zisanu kapena zisanu ndi imodzi, kapena pamene mwasakaniza misoti yatsopano ndi mathadzi akale, ine sindiona ngati n'chinthu chokambirananso. Musaike m'kona yopanda potulukira; yofooka ikapanikizidwa izikhala ndi kothawira mbali ziwiri.

Pa kukula kwa malo odyera, muyezo wosavuta kuukumbukira ndi wa lamulo la European Union la 1999 lokhudza nkhuku zoikira zosakhala m'makeji: masentimita 10 pa nkhuku iliyonse pa chodyera chachitali, masentimita 4 pa chozungulira, pa madzi, masentimita 2.5 pa chomwera chachitali, sentimita imodzi pa chozungulira, kapena nipo imodzi pa nkhuku 10 zilizonse. Amenewa ndi malire otsikitsitsa a m'mafamu. Pakhomo, pamene malo alipo, pitirirani pamenepo, makamaka ngati mumapereka chakudya choyeza kawiri patsiku, chifukwa pamenepo zonse zimafuna kudya nthawi imodzi. Chodyera chozungulira chikatsamira khoma, theka la malo ake latayika.

Kuti mudziwe ngati zonse zikudya, madzulo zitakwera pogona gwirani chithokomiro cha iliyonse, kumunsi kwa khosi chakumanja. Chiyenera kukhala chodzaza. Imene chake chili chophwa madzulo angapo motsatizana, mwina ikudwala, mwina ikuletsedwa kudya.

Msinkhu wake

Malo akhoza kukhala abwino koma msinkhu n'kuwononga zonse. Mkombero wa chodyera ndi wa chomwera chotseguka ulingane ndi msana wa nkhuku itaimirira. Chikatsika, nkhuku imapalasiramo utuchi ndi zitosi, ndipo imakokera chakudya pansi ndi mlomo posankha timbewu timene imakonda. Chikakwera kwambiri, zazing'ono sizifikira. Pa gulu losakanikirana, yezani ndi yaifupi kwambiri, kapena ikani njerwa mbali imodzi kuti izikwerapo. Manipo ndi osiyana: olendewera pansi pa ndowa akhale pamwamba pang'ono pa mutu, kuti nkhuku izitambasula khosi madzi n'kutsikira okha kukhosi. Akatsika, imajompha cham'mbali ndipo madzi amathera pansi.

Kupachika ndi tcheni kapena kukhazika pa njerwa? Chopachika n'chosavuta kukweza nkhuku zikamakula, pansi pake pamasesedwa bwino, ndipo nyerere sizifikapo msanga. Koma chomwera chopachika chimagwedezeka n'kutayikira zikamakankhana, ndiye madzi amakhala bwino pa njerwa zosalazidwa mofanana. Chomwera chotembenuza, chija cha chigubu chozondoka pa mbale, chikapendekeka pang'ono chabe, chimadontha mpaka kuuma. Chakudya chipachikeni, madzi akhazikeni. Pamwamba pa chilichonse pakhale chosongoka kapena chopendekera kuti nkhuku isaterepo, chifukwa ikatera imanyera momwemo. Chodyera chachitali musachidzaze kupitirira theka.

Anapiye ndi nkhuku yofungatira

Anapiye ali ndi malamulo awo. Sabata yoyamba amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35 ndipo sayenda kutali ndi chowafunditsa, ndiye chakudya ndi madzi zikhale m'mphepete mwa malo ofundawo, osati pansi penipeni pa nyale pamene madzi angafunde, komanso osati kungodya yozizira kumene sangapiteko. Masiku oyamba chakudya chikhale pa pepala kapena pa thireyi yosaya kuti achione msanga. Chomwera chikhale chosaya, muikemo timiyala toyera bwino, chifukwa kamwanapiye kamamira m'madzi ochepa kwambiri, ndipo kakangonyowa kamazizidwa n'kufa. Pakapita masiku angapo yambani kukweza pang'onopang'ono.

Anapiye akamayenda ndi mayi wawo pakati pa gulu, chakudya cha nkhuku zoikira chiwatalikire. Chimakhala ndi kashiamu wochuluka, pafupifupi magawo 4 pa 100, amene thadzi limafuna popanga chigoba koma amawononga impso za anapiye. Pachikani cha akuluakulu pamwamba, ndipo cha anapiye muchiike mkati mwa kampanda ka timipata toti iwo okha ndiwo angalowe.

Thadzi lofungatira limakhala pamazira masiku 21 ndipo limatsika mwina kamodzi patsiku. Chifundo chimatiuza kuti tiike mbale pamlomo pake penipeni, koma ndi bwino kuti lizidzuka, litambasule miyendo, likanyere kutali ndi chisa, lisambe m'fumbi. Ikani chakudya ndi madzi mapazi angapo kuchokera pachisa, pamene lingazione koma osazifikira lili chikhalire. Madzi oyandikira kwambiri akatayikira m'chisa amawononga mazira.

Mukaganiza zosamutsa zinthu kuchoka pamene nkhuku zinazolowera, musachotse zakale tsiku lomwelo. Nkhuku imabwerera pamalo akale n'kuimapo ngakhale chomwera chatsopano chili mamita awiri okha kuchokera pamenepo. Siyani zonse ziwiri kwa masiku angapo. Posinthira ku manipo samalani kwambiri: gogodani nipo ndi chala nkhuku zikuona kuti dontho lilendewere, imodzi ikajompha zinzake zimatsatira, koma chomwera chakale muchichotse m'mawa wa tsiku lozizira limene muli pakhomo, kuti muone ndi maso anu kuti iliyonse yamwa.